Mbiri ya George Müller: Ankayamba Wadyetsa Mtima Wake Asanadyetse Ana Amasiye

Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu akale, ulendo uno takutengerani munthu amene sanali wa kuno, ndipo anamwalira kalekale mu 1898. Dzina lake ndi George Müller, mbadwa ya ku Germany amene ntchito yake anaigwirira mumzinda wa Bristol ku England. Ambiri amene anamvapo za iyeyu amadziwa chinthu chimodzi, chakuti analera ana amasiye oposa 10,000 popanda kupempha ndalama kwa munthu. Zimenezo n'zoona. Koma ife tikufuna tione komwe kunkachokera mphamvu zosenzera mtolo wotere zaka zoposa 60 osautula. Paja tonse tikudziwa m'mene zimakhalira: munthu amasankhidwa pa udindo mu mpingo kapena m'gulu loyendera odwala, amayamba ndi moto, koma chaka chisanathe wazilala. A Müller nawonso linawapeza vuto limeneli, ndipo njira imene anapulumukira ndi yoti aliyense angathe kuiyesa.

Mwana wa dzanja lalitali

George anabadwa pa 27 Seputembala 1805 ku Kroppenstedt, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Prussia, lomwe lero ndi mbali ya Germany. Bambo ake ankatolera misonkho ya boma. Asanakwanitse zaka 10, mnyamatayu anali atayamba kale kusolola ndalama za boma zimene bambo akewo ankasunga m'nyumba. Tsiku lina anamutchera msampha. Anawerenga ndalama n'kuzisiya poyera, ndipo pobwerera anapeza zaperewera. Pomufufuza anazipeza mu nsapato. Anamukwapula ndithu, koma chimene mwanayo anatolapo n'chakuti ulendo wina adzabe mochenjera.

Bambo ake ankafuna kuti adzakhale m'busa wa mpingo wa Lutheran, poti masiku amenewo ubusa unali ntchito ya malipiro abwino ndi ulemu. Choncho anamutumiza ku sukulu ku Halberstadt. Ali ndi zaka 14 mayi ake anamwalira. Usiku umene mayiwo ankatsirizika, George, posadziwa za matendawo, anali pa juga ya makadi mpaka 2 koloko m'bandakucha, ndipo kutacha anapita kukamwa mowa ndi anzake. Malirowo sanamusinthe.

Ali ndi zaka 16 ananyamuka ulendo wongosangalala, n'kumagona m'nyumba zodula za alendo alibe ndi khobidi lomwe. Ku Wolfenbüttel anayesa kuzemba osalipira, koma anamugwira. Anakhala m'ndende masiku 24, mwakuti Khirisimasi ya 1821 anaidyera m'chitolokosi, mpaka bambo ake anatumiza ndalama zobweza ngongolezo. Atatuluka analimbikira sukulu ku Nordhausen, n'kudziwa bwino Chilatini, Chifalansa ndi zina. Pa nthawi imeneyi anali ndi mabuku akeake pafupifupi 300, koma Baibulo analibe. Ameneyotu ndi munthu amene ankakonzekera ubusa.

Loweruka lina ku Halle

Mu 1825 analowa pa yunivesite ya Halle kukaphunzira zaubusa, ndipo kutero kunamupatsa chilolezo cholalikira m'matchalitchi. Khalidwe linali lomwe lija. M'mwezi wa Ogasiti iye ndi anzake anapeka makalata abodza onena kuti makolo awalola, n'kupeza ziphaso zoyendera, ulendo wa ku Switzerland masiku 43. Thumba la gulu ankasunga ndi George, ndipo ankawadyera anzakewo masuku pamutu, mwakuti kwa iye ulendowo unatchipa kuposa kwa enawo.

Pakati pa Novembala chaka chomwecho, mnzake wina dzina lake Beta anamuuza za kagulu ka Akhristu kamene kankakumana Loweruka madzulo m'nyumba ya bambo wina wotchedwa Wagner. George anaumirira kuti apite nawo. Kumeneko anaimba nyimbo, kenaka bambo wina, Kayser, amene pambuyo pake anadzakhala mmishonale ku South Africa, anagwada pansi n'kupemphera. George, wophunzira zaubusa wa zaka 20, anali asanaonepo munthu atagwada popemphera, ndipo mwini wakenso anali asanagwadepo. Kenaka anawerenga mutu umodzi wa m'Baibulo ndi ulaliki wosindikizidwa kale, chifukwa lamulo la ku Prussia silinkalola kumasulira Malembo pa msonkhano popanda m'busa wodzozedwa. Zinali zokhazo basi. Koma anabwerera kunyumba ali ndi chimwemwe chimene sanachipeze ngakhale ku mapiri a ku Switzerland, ndipo sanadikire Loweruka lina. M'mawa mwake anabwereranso kwa a Wagner, mkuja wakenso chimodzimodzi. Moyo wake unatembenukira pamenepo.

Posakhalitsa anafuna kukhala mmishonale. Bambo ake anakwiya kwambiri, mpaka kulira, poona kuti ndalama zonse za sukulu zapita pachabe. George anaona kuti si bwino kupitiriza kudya ndalama za bambo ake pamene sakuchita zofuna zawo, ndiye analeka kulandira. Anapeza ganyu yophunzitsa Chijeremani aphunzitsi ena a ku America amene anabwera ku Halle. Kwa miyezi iwiri anagonanso m'zipinda zaulere za ophunzira osauka, m'nyumba yaikulu ya ana amasiye imene m'busa August Hermann Francke anamanga zaka zoposa 100 m'mbuyomo podalira Mulungu. Nyumba imeneyi inamukhala m'maganizo.

Mtumiki wosadya

Ulaliki wake woyamba unali pa 27 Ogasiti 1826 pa tchalitchi china chakumudzi. Anatenga ulaliki wolembedwa ndi munthu wina, n'kutha pafupifupi sabata akuuloweza pamtima. M'mawa anaulakatula bwinobwino osaphonya, koma iye mwini sanamve kukoma. Atapemphedwa kuti alalikenso masana, analibe china choloweza. Ndiye anangotsekula Mateyu mutu 5 n'kuyamba kufotokoza mwachidule m'mene ankamvera. Anadabwa kuona anthu akutchera khutu kuposa m'mawa muja.

Mungayese kuti pamenepo anaphunzira, koma ayi. A Müller (tiyambe kuwapatsa ulemu tsopano, akula) anadzavomereza okha pambuyo pake kuti zaka 4 zoyambirira za Chikhristu chawo ankakonda kuwerenga timapepala ta uthenga, maulaliki a anthu ena ndi mbiri za anthu opembedza, koma Baibulo lenilenilo ankangolilawa mwa apo ndi apo. Likawavuta kumva, m'malo molimbikira ankaliika pambali. Zotsatira zake, anali wotanganidwa ndi ntchito ya Mulungu, kugawa timapepala, kulemba makalata, kulalikira, koma mkati anali akadali khanda, lero wadzuka mawa wagwa.

Mu Malichi 1829 anafika ku London kukakonzekera ntchito yolalikira kwa Ayuda pansi pa bungwe lina la amishonale. Ankawerenga maola 12 pa tsiku, makamaka Chihebri, mpaka anadwala kwambiri. Anawalangiza kuti akapume ku Teignmouth, katauni ka m'mbali mwa nyanja kum'mwera chakumadzulo kwa England. Kumeneko anakumana ndi mnyamata wa ku Scotland, Henry Craik, amene anakhala bwenzi lawo ndi mnzawo pa ntchito zaka zoposa 30. Kumenekonso ndi kumene anayesa chinthu chatsopano. Anaika pambali mabuku onse ofotokozera, n'kukhala pansi ndi Baibulo lokha, atapempha Mzimu Woyera kuti awaphunzitse. Anachitira umboni kuti madzulo oyamba omwewo, m'maola ochepa, anatola zambiri kuposa zimene anatola m'miyezi ingapo. Kuyambira pamenepo anatenga chizolowezi chowerenga Baibulo motsatana, chigawo cha m'Chipangano Chakale ndi china cha m'Chatsopano, n'kuika chizindikiro pamene alekezera kuti mawa ayambire pomwepo, osalumpha ngakhale mitu yovuta.

Kuwerenga kotereku kunayamba kuoneka m'zochita. Mu 1830 anasiyana ndi bungwe lija n'kukhala m'busa wa kampingo ka anthu 18 ku Teignmouth komweko, pa malipiro a mapaundi 55 pa chaka. Pa 7 Okutobala anakwatira Mary Groves. Malipirowo ankachokera ku lendi ya mipando ya m'tchalitchi: wolemera ankalipira mpando wabwino, wosauka n'kukhala kumbuyo. Powerenga kalata ya Yakobo mutu 2, imene imadzudzula tsankho pakati pa olemera ndi osauka, a Müller anaona kuti mchitidwewu ndi wolakwika. Patangotha masabata ochepa chikwatirane, iwo ndi mayi a kunyumba anagwirizana zothetsa lendiyo ndi kusiya malipiro. Anaika bokosi m'tchalitchi loti wofuna aponyemo mwakufuna kwake. Anapangananso zinthu ziwiri zimene anasunga moyo wawo wonse: osauza munthu za kusowa kwawo koma Mulungu yekha, ndiponso osatenga ngongole.

Chimene anaona ku Bristol

Mu Meyi 1832 a Müller ndi a Craik anasamukira ku Bristol, mzinda wa doko, kukatumikira pa matchalitchi awiri, Gideon ndi Bethesda. Chaka chomwecho kunagwa mliri wa kolera, ndipo abusa awiriwa ankayendera odwala usana ndi usiku. Mu Seputembala kunabadwa mwana wawo wamkazi, Lydia. Mu Malichi 1834 anayambitsa bungwe lotchedwa Scriptural Knowledge Institution, loti lizithandiza masukulu a ana ndi a akuluakulu, kugawa Mabaibulo ndi kuthandiza amishonale. Mu Juni 1835 mwana wawo wamwamuna, Elijah, anamwalira ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu.

Poyendera Akhristu awo, a Müller ankapeza amuna ogwira ntchito maola 14 mpaka 16 pa tsiku, thupi lofooka, mtima wouma. Akawalangiza kuti achepetseko maola kuti apeze mpata wowerenga Mawu ndi kupemphera, yankho linali lakuti akatero banja ligona ndi njala. Ankapezanso okalamba odzazidwa ndi mantha kuti adzathera m'nyumba za boma zosungiramo amphawi, zimene lamulo la 1834 linazikhwimitsa: mabanja ankalekanitsidwa, ntchito inali yakalavulagaga, chakudya chochepa. Ana amasiye ambiri ankathera momwemo kapena mumsewu. Mnyamata wina wamasiye wa pa sukulu yawo anatengedwa kupita ku nyumba yotereyi, ndipo nkhaniyi inawapweteka mtima.

Apa ndi pamene anakumbukira nyumba ya Francke ija. Anaganiza kuti ngati munthu wosauka ngati iwo angathe kulera ana amasiye mwa pemphero lokha, osapempha kwa munthu, Akhristu amantha aja adzakhala ndi chinthu chooneka ndi maso chowatsimikizira kuti Mulungu amasamala. Pa 5 Disembala 1835, akuwerenga monga mwa chizolowezi chawo, anafika pa Salimo 81 ndime 10, pamene Mulungu akulimbikitsa anthu ake kuyembekezera zochuluka kwa Iye. Anagwada n'kupempha zinthu zitatu: nyumba, mapaundi 1,000 ndi anthu oyenera kulera ana. Patapita masiku awiri analandira mphatso yoyamba, sheleni imodzi. Mayi wina wosauka wosoka zovala, amene ankapeza masheleni atatu ndi theka pa sabata, anabweretsa mapaundi 100 kuchokera pa chuma chamasiye chimene analandira. A Müller anayesa kumubweza kuti aganize bwino, koma mayiyo anakana.

Tamverani izi. Tsiku lolembetsa ana litafika, a Müller anakhala maola awiri akudikira, koma sikunabwere ndi mmodzi yemwe. Pobwerera kunyumba anazindikira kuti anapempherera nyumba, ndalama, mipando ndi zovala, koma anawo sanawapempherere, poganiza kuti amenewo ndiye abwera okha. Usiku umenewo anadzichepetsa pamaso pa Mulungu. M'mawa mwake kunabwera pempho loyamba, ndipo posakhalitsa mayina anapitirira malo. Mu Epulo 1836 nyumba yoyamba, ya atsikana 30, inatsekulidwa pa nambala 6 mumsewu wa Wilson Street. Pofika 1843 nyumba za lendi zinali zinayi mumsewu womwewo.

Zaka za njala, ndi zimene anatulukira mu 1841

Chakumapeto kwa 1837 a Müller anadwala mutu kwa miyezi ingapo mpaka kuleka kulalikira. Ali chidwalire anawerenga mbiri ya mlaliki George Whitefield, n'kupeza kuti ankawerenga Baibulo atagwada, akupempherera ndime iliyonse. Nawonso anayamba kutero. Mu Januwale 1838 anafika pa Salimo 68 ndime 5, imene imakamba za Mulungu monga kholo la ana opanda makolo. Ndimeyi inawapeputsa mtolo, poona kuti anawo mwini wake alipo, iwo ndi wantchito chabe.

Chitonthozo chimenechi chinabwera pa nthawi yake, chifukwa kuyambira pakati pa 1838 thumba linauma. Kwa zaka zingapo ndalama zinkabwera za tsiku limodzi, nthawi zina za chakudya chimodzi. Kunkacha ana pafupifupi 100 alipo, ndalama ya mkaka kapena buledi palibe. Olera anawo ankasonkhana kupemphera, ena n'kupereka timakobidi tawo, ena kugulitsa katundu wawo. Malinga ndi mabuku amene a Müller ankalemba tsiku ndi tsiku, anawo sanagonepo ndi njala, ngakhale kuti kangapo thandizo linkafika nthawi ya chakudya itakwana kale. Chaka ndi chaka ankasindikiza lipoti la ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, ndipo ena ankati malipotiwo ndi kupempha kobisalira. Poyankha zimenezi, kumapeto kwa 1841, pamene zinthu zinathina kwambiri, anaimitsa dala msonkhano wa pachaka ndi lipoti kwa miyezi ingapo, kuti pasakhale wonena kuti aulula kusowa kwawo.

Ganizirani munthu wokhala m'moyo wotere: mpingo wa anthu mazana, masukulu, makalata, ana odwala, thumba lopanda kanthu. Ndi m'kati mwa zaka zimenezi, mu 1841, m'mene anasintha kayambidwe ka tsiku lawo, ndipo mpaka ukalamba ankati kusintha kumeneku kunawapindulira koposa. Kwa zaka 10 m'mbuyomo, akadzuka ndi kuvala ankayamba ndi pemphero. Koma kawirikawiri maganizo ankangoyendayenda. Pankatha mphindi 15, mwina 30, mwina ola lathunthu ali chigwadire, pemphero lenileni lisanayambe. Amene munayesapo kupemphera m'mamawa mutu uli ku ngongole ndi ku munda mukudziwa zimenezi.

Ndiye anatembenuza ndondomeko. Akapempha dalitso m'mawu ochepa, ankatsekula Chipangano Chatsopano n'kuyamba kusinkhasinkha ndime imodziimodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wokumba mbatata amene safuna kusiya ndi imodzi yomwe m'nthaka. Ankadziletsa kuwerenga pofuna kupeza cholalikira Lamulungu kapena chokalangiza munthu wina. Ankawerenga kuti adye iwo eni. Funso linali lakuti, kodi mawuwa akundiuza chiyani ine, m'mene zinthu zililimu lero? Ndipo anapeza kuti pakangotha mphindi zochepa, ndimeyo yokha inkawafikitsa pa kulapa, kapena kuyamika, kapena kupempherera ena. Pemphero lija linkavuta kuyamba tsopano linkabwera lokha, chifukwa Mulungu ndiye wayamba kuyankhula, iwo n'kumayankha. Akatha apo ankapita pa ndime yotsatira. Kawirikawiri ankachita zimenezi akuyenda m'minda kwa ola limodzi kapena awiri asanadye chakudya cha m'mawa, atanyamula Chipangano Chatsopano cha zilembo zikuluzikulu.

Mfundo yawo inali yakuti ntchito yoyamba ya tsiku, patsogolo pa kutumikira wina aliyense, ndi kuonetsetsa kuti mtima wakhuta ndipo wakondwa mwa Ambuye. Ankati munthu angathe kulalikira, kuthandiza osauka ndi kutonthoza olira, koma ngati mkati muli njala, zonsezo amazichita ndi mzimu wolakwika, mokwiya, modandaula kapena mofuna kutamandidwa. Chodabwitsa n'chakuti zimene ankadya okha m'mawa zija, posakhalitsa zinkasanduka chakudya cha anthu ena pa guwa, ngakhale sanaziwerengere zimenezo.

Nyumba zisanu pa Ashley Down

Mu Okutobala 1845 analandira kalata yochokera kwa wokhala nawo pafupi mu Wilson Street, yodandaula za phokoso la ana ndi mavuto ena. Sanapse mtima. Anakhala pansi n'kulemba zifukwa zosamukira ndi zifukwa zokhalira, ndipo anaona kuti odandaulawo akunena zoona. Anapeza malo a maekala 7 pa chitunda cha Ashley Down, kunja kwa mzinda. Mwini malowo ankafuna mapaundi 200 pa ekala, koma atasowa tulo usiku wina akuganizira nkhaniyi anatsitsa kufika pa 120. A Müller sanalole kuti njerwa iikidwe ndalama zonse zisanakwane. Kumanga kunayamba mu 1847, ndipo mu Juni 1849 nyumba yoyamba, ya ana 300, inatsekulidwa. Yachiwiri inatsekulidwa mu 1857, yachitatu mu 1862, yachinayi mu 1868, yachisanu mu 1870. Zonse pamodzi zinali ndi malo a ana 2,050. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anawo ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi Malembo, mwakuti anthu ena ankadandaula kuti a Müller akuphunzitsa ana a amphawi mopitirira muyeso, n'kusowetsa mafakitale antchito. Anyamata akafika zaka 14 ankawapezera mmisiri wowaphunzitsa ntchito, atsikana ankakhala mpaka zaka 17. Aliyense potuluka ankalandira Baibulo ndi bokosi lachitsulo la zovala. Tisabise, moyo wa m'nyumbazo unali wa malamulo okhwima, ndipo m'masiku a a Müller ankalandira okhawo amene makolo onse awiri anamwalira ndiponso obadwira m'banja lovomerezeka, mwakuti ana ena ovutika ankatsala kunja. Mu mpingonso sanasowe mikangano. Mu 1848 panabuka kusamvana kwakukulu pakati pa iwo ndi John Nelson Darby, kumene kunagawa gulu la mipingo yawo pawiri. Anali munthu ngati ife tomwe. Kupatula za ana amasiye, bungwe lawo linkatumizanso thandizo kwa amishonale ambiri, kuphatikizapo a gulu la Hudson Taylor ku China.

Pamene maliro analowa m'nyumba

Chimene munthu wakhala akudya chimaoneka tsiku la tsoka. Pa 6 Febuluwale 1870, nyumba yachisanu itangotsekulidwa, mayi Mary anamwalira atakhala m'banja zaka 39. Mayiwa ndi amene ankayang'anira zovala, zofunda ndi mabuku a ndalama, ndiponso kuyendera ana odwala. Mawu omaliza a m'Baibulo amene amuna awo anawawerengera anali a mu Salimo 84 ndime 11. Patapita masiku, a Müller analalikira okha ulaliki wokumbukira mkazi wawo kuchokera pa Salimo 119 ndime 68, yonena za ubwino wa Mulungu. Anaugawa patatu: kuti Mulungu anawachitira zabwino powapatsa mkaziyo, powasiyira nthawi yaitali chotere, ndiponso pomutenga. Sikuti sanalire ayi. Anavomereza kuti anasungulumwa kwambiri ndipo thanzi lawo linagwedezeka. Koma mawu amene anawasunga pa maliro anali omwe aja ankawatafuna m'mawa uliwonse kunja kuli bata. Sanayambe kuwafunafuna tsiku la malirolo.

Mu 1871 Lydia anakwatiwa ndi James Wright, amene anadzakhala wothandiza ndi wolowa m'malo mwa a Müller, ndipo iwonso anakwatira Susannah Sangar. Mu 1875, ali ndi zaka pafupifupi 70, msinkhu umene ambiri amati tapuma, anayamba maulendo olalikira kunja. Kwa zaka 17, mpaka 1892, anayenda m'maiko 42, kuphatikizapo America, India, Australia, China ndi Japan, mtunda wa makilomita pafupifupi 320,000 pa sitima za pamadzi ndi za pamtunda. Ankalalikira m'Chingerezi, Chijeremani ndi Chifalansa. Kulikonse uphungu wawo kwa Akhristu, makamaka achinyamata ndi atumiki, unali umodzimodzi: werengani Baibulo lonse motsatana, sinkhasinkhani, ndipo chitani zimene mwamva, chifukwa wosachita zimene wamva kale sapatsidwa zina. Uthenga wa imfa ya Lydia mu 1890 unawapeza ali ku India. Pambuyo pake mayi Susannah nawonso anamwalira. Nkhalambayo inatsala yokha, itaika m'manda akazi awiri ndi ana ake onse.

M'zaka zomaliza ankamaliza Baibulo lonse kanayi pa chaka. Eni ake ankati analiwerenga kopitirira ka 100, ndipo ena olemba mbiri yawo amati kanayandikira ka 200. Ankanena kuti nthawi iliyonse linkawakomera ngati latsopano. Pa 9 Malichi 1898 madzulo anatsogolera mapemphero pa Ashley Down. M'mawa mwake, pa 10 Malichi, wowabweretsera tiyi anawapeza atagona pansi pambali pa bedi, atatisiya, ali ndi zaka 92. Tsiku la maliro anthu zikwizikwi anaima m'misewu ya Bristol, ana amasiye akuyenda pambuyo pa bokosi. Anaikidwa ku manda a Arnos Vale. Ana amene anadutsa m'manja mwawo anali 10,024. Ndalama zimene zinadutsa m'manja omwewo zinapitirira mapaundi 1 miliyoni, koma chuma chawochawo, kuphatikiza mabuku ndi mipando, chinapezeka chokwana mapaundi 160 okha. Nyumba za pa Ashley Down zinasunga ana mpaka m'zaka za m'ma 1950, pamene anawasamutsira m'nyumba zing'onozing'ono zokhala ngati za banja.

Tikakumana pa gulu

Abale ndi alongo, a Müller sanaphunzitse kuti Mkhristu aliyense asiye malipiro kapena amange nyumba ya ana amasiye. Ankakananso zoti iwo anali ndi chikhulupiriro cha mtundu wapadera chimene ena sangakhale nacho. Chimene ankafuna kuti anthu atengere ndi cha m'mawa chija. Tikaonetsetsa mbiriyi, pa mphambano iliyonse ya moyo wawo panali ndime imene anakumana nayo powerenga mwa masiku onse: Yakobo pa nkhani ya mipando, Salimo 81 poyamba ntchito, Salimo 68 pa matenda, Salimo 119 pa maliro. Sanatsekule buku mwamwayi kufuna yankho la changu. Mayankhowo anawapeza ali pa njira yawo ya tsiku ndi tsiku.

Ambiri a ife tili ndi ana a abale athu m'nyumba, ena ndife akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, aphunzitsi a Sande sukulu, oyendera odwala. Maola awiri oyenda m'minda ndi buku mwina sitingawapeze, makamaka nyengo yolima. Koma ndime zitatu kapena zinayi tisanagwire khasu zingatheke, kuyambira pamene tinalekezera dzulo. Amene maso anafooka kapena sukulu inawadutsa, mwana kapena mdzukulu angawawerengere, iwo n'kumazitafuna popita kumunda.

Pokumana sabata ino, takambiranani mafunso awiriwa. Loyamba: mwa anthu amene anayamba bwino ntchito yotumikira m'dera lanu n'kuisiya panjira, chinawafooketsa n'chiyani? Lachiwiri: kodi inuyo Baibulo mumalitsekula liti, pokonzekera kukaphunzitsa ena pokha, kapena palinso nthawi yoti mudye nokha? Mlembi wa gulu alembe zimene mwagwirizana n'kutitumizira, kuti anzathu a magulu ena amve nawo.